Kope la Mwana pa Tsiku la Chikondwerero

Ndikulankhula nanu nonse omvera athu, kulikonse kumene mawu anga akukupezani madzulo ano: inu abambo amene mwatsamira chipupa pakhonde pambuyo pa ntchito ya kumunda, inu amayi amene mukupakula nsima wailesi ili chapambali pa moto, ndi inu ana a sukulu amene mwatsegula makope anu pa kuwala kwa koloboyi kapena kanyali ka sola. Nkhani yathu ya lero ndi ya mwana, buku, ndi phwando la pabanja. Ndipo ngakhale zitatuzi zioneka ngati zotalikirana, pakuti buku timaliyesa la kusukulu ndipo phwando timaliyesa la akuluakulu, ndikhulupirira kuti tisanatsazikane mudzavomerezana nane kuti ndi mafuwa atatu a mphika umodzi.

Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga, pakuti mlaliki amene sayamba ndi kulapa yekha amangotayira mawu kumphepo. Chaka china pa Khirisimasi, mvula itakhazikika, chimanga chili m'mawondo, mango akugwa okha m'mitengo, mbumba yathu yonse idasonkhana kumudzi kwathu m'boma la Ntchisi, ena kuchokera ku Lilongwe, ena ku Kasungu, ndi mmodzi amene adachita kuchokera ku Johannesburg pa basi. Tidali ndi zifukwa ziwiri zokondwerera: kubadwa kwa Ambuye wathu, ndi kupambana kwa mwana wa mlongo wanga, msungwana wa zaka 13, amene chaka chomwecho adakhoza mayeso a Sitandade 8 nasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Mbuzi idagwa, mpunga udaphikidwa m'mapoto aakulu obwereka kumpingo, thobwa lidadzaza mitsuko, ndipo monga mwa mwambo wathu, abambo tidakhala pamipando pansi pa mtengo, amayi pamikeka cha kukhitchini, ana ali paokha kumene sangasokoneze nkhani za akulu.

Titatha kudya, dzuwa litapendeka, msungwana uja adadza nagwada chapatali, atafumbata kope lopindika m'makona, nati ndi mawu apansipansi: "Atsibweni, pali kanthu kamene ndalemba, ndipo ndikupempha kuti ndiwerenge anthu asanabalalike." Ine amene ndikulankhula nanu, munthu wodyera m'mabuku moyo wanga wonse, amene ndikadayenera kukhala woyamba kumuyalira mphasa, ndidamuyankha osatembenuka n'komwe kuti za kusukulu n'za kusukulu, apite akathandize amake kutsuka mbale. Akadapita ndithu, popeza ndi mwana womvera, pakadapanda agogo ake, ndiwo amayi anga ondibala, nkhalamba imene sidagwirepo choko kapena pensulo chibadwire, amene adakweza mawu ali pamkeka pomwepo nati: "Mlekeni mwanayo anene. Kodi inu mudabadwa ndi ndevu?" Anthu adaseka, ine ndidazyolika, ndipo mwana adaimirira pakati pa bwalo natsegula kope lake.

Zimene adawerenga idali mbiri ya kalata imodzi. Achinyamata amene mukumvera mwina simudziwa kuti m'masiku akale abambo ambirimbiri a dziko lino ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito limene tonse tinkalitcha Wenela, ndi kuti ulendo wawo unkadzera ku Francistown, m'dziko la Botswana, pa ndege za bungwelo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo Amalawi 74 adatsikira kulichete pa ngoziyo. Ndi chifukwa chake Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Bambo anga nthawi imeneyo adali ku Joni, kontrakiti yawo ili pafupi kutha, ndipo mbiri ya ngoziyo itafika m'mudzi kudzera pa wailesi ya kwa amfumu, padalibe munthu amene akadawauza amayi ngati mwamuna wawo adali m'ndegemo kapena ayi.

Padapita masabata, kenaka kudabwera kalata. Msungwana uja adalemba, monga momwe agogo ake adamusimbira, kuti kalatayo idafika madzulo, pa tsiku limene mnyamata wa sukulu amene ankawawerengera makalata, mwana wosunga chinsinsi amene ankalandira dzira limodzi pa kalata iliyonse, adali atapita kwa atate ake tsidya lina la mtsinje. Ndipo iwo, posafuna kuti mawu a m'nyumba mwawo amveke pakamwa pa munthu wina aliyense, adaimanga kalatayo pangodya ya chitenje nagona nayo usiku wonse osaona tulo, akuipapasa mumdima, osadziwa ngati yalembedwa ndi dzanja la mwamuna wawo kapena la kalaliki wa pamgodi wowauza za maliro. M'mawa mwake mnyamata adafika nawerenga. Bambo adali moyo, ndipo ankafunsa ngati nkhokwe idafoleredwa. M'mawa womwewo amayi adalumbira mumtima mwawo kuti palibe mwana wa m'mimba mwawo amene adzagone ndi kalata yosawerengedwa, ngakhale zitatengera kugulitsa nkhuku yotsiriza ya m'khola.

Pamene mwana adatseka kope lake bwalo lidali zii, kufikira mayi wina adaimba nthungululu, enanso nalandira, alongo anga akupukuta misozi ndi zitenje. Ine, amene sukulu yanga yonse idalipiridwa ndi lumbiro limenelo, ndidali ndisadamvepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Ndipo amayi sadatibisire ayi, koma padalibe mmodzi mwa ife ana awo amene adakhalapo pansi ndi kuwafunsa. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo ife tidadya phula zaka makumi angapo uchi uli m'nyumba mwathu momwe. Amene adafunsa ndi mdzukulu, pa tchuthi, akuthandizana ndi agogo ake kutongola chimanga. Ndipo usiku, anzake atagona, ankalemba zimene wamva masanawo kuti zisathawe.

Tsono tifunsane, omvera: luso lotere limachokera kuti? Ambiri mudzati ndi mphatso ya Mulungu, ndipo simunama. Komatu mphatso ili ngati mbewu, imene ingakhale yabwino chotani, ikagwera pathanthwe siimera. Sukulu yoyamba ya mlembi aliyense wa dziko lino idali pamoto, nthawi ya masika chimanga chitalowa m'nkhokwe, pamene agogo ankayamba ndi "Padangokhala" ana n'kuyankha kuti "Tili tonse." Pamenepo mwana ankaphunzira, osadziwa kuti akuphunzira, kuti nkhani iyenera kukhala ndi mutu ndi mchira, kuti Kalulu sapulumuka msanga omvera asanade naye nkhawa, kuti Fisi ayenera kugwa m'mbuna yokumbidwa ndi dyera lake lomwe, ndi kuti omvera akayamba kuodzera wosimba amaponyamo nyimbo kuti adzuke. Zilapi zinkamuphunzitsa kubisa chinthu chodziwika m'mawu achilendo, miyambi inkamuphunzitsa kunena zambiri m'mawu ochepa, ndipo zonsezi ndizo zida za mlakatuli ndi mlembi wa nthano kufikira lero lino. Ngakhale mtumwi Paulo, poyamikira mnyamata Timoteo amene adadziwa malembo kuyambira ukhanda wake, adatchula agogo ake a Loisi ndi amake a Yunike.

Ndipo njira imene mwana wa mlongo wanga adayenda mosadziwa, yokhala pamapazi a akulu ndi kulemba zimene akunena, ndi njira yomwe zolembalemba za m'chinenero chathu zidadzera poyamba. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma amene adabadwa m'chaka cha 1905, adalemba buku la Nthondo, limene lidapata mphoto pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi ku Britain ndi dzina la Man of Africa, womasulira wake ali Thomas Cullen Young. Zimene zidakopa oweruza akutali aja sizidali zachilendo kwa ife: kubadwa kwa mwana pamudzi, kukula kwake, kusochera kwake ndi kubwerera kwake, zinthu zimene Nthara adaziona ndi maso ake. Pambuyo pake, pofuna kulemba Mbiri ya Achewa ndi moyo wa mfumu Msyamboza, adayenda m'midzi kukakhala pansi ndi nkhalamba zosunga mbiri, pozindikira kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndi kuti dambolo likauma palibe amene adzatiuze kumene tidachokera.

Anzake amene adadza pambali pake ndi pambuyo pake adatunga pachitsime chomwecho. Stephen Kumakanga adasonkhanitsa miyambi ya makolo m'buku la Nzeru za Kale, John Gwengwe adatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe ndiponso Kukula ndi Mwambo, E. J. Chadza adalemba Ntchito ya Pakamwa, E. W. Chafulumira adalemba mabuku angapo a moyo wa m'banja ndi mbiri ya Amang'anja. Ndipo mbadwo wotsatira udaona a Willie Zingani ndi a Benedicto Wokomaatani Malunga. Aliyense wa iwowa adakhalapo mwana wa kabudula wong'ambika, wolemba zilembo zokhotakhota pa sileti kapena pamchenga, ndipo palibe amene akadaloza chala panthawiyo kuti uyu dzina lake lidzawerengedwa m'masukulu a dziko lonse. Chifukwa chake musanyoze kope la mwana wanu, pakuti simudziwa chimene mwafungatira m'nyumba.

Koma wolemba asanalembe ayenera kuwerenga, monga mwana asanalankhule ayenera kumva. M'nyumba zambiri za makolo athu buku loyamba, ndipo kawirikawiri lokhalo, lidali Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922 pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri ya William Murray ndi aphunzitsi achikuda amene ankasankha naye mawu. Ndipo popeza m'banja wodziwa kuwerenga nthawi zambiri ankakhala mwana wa sukulu, ndiye amene ankapatsidwa bukulo madzulo kuti awerengere onse, akulu ali chete kumvetsera mawu otuluka pakamwa pa mwana wawo. Taonani ulemu umene kuwerenga kunkapatsa mwana masiku amenewo! Ndiponso chinenero chathu n'chokoma mtima kwa woyamba kumene, pakuti chili ndi zilembo za liwu zisanu zokha ndipo chimalembedwa pafupifupi monga chimalankhulidwira, kotero kuti mwana amene wagwira maphatikizo, monga momwe ife a kale tidawagwirira m'buku la Sosa, angathe kutola nyuzipepala yokulungira matemba n'kuiwerenga yekha popanda womutsogolera.

Lero ana opita kusukulu achuluka koposa kale, ndipo ichi n'chinthu choyamika. Pamene boma lidachotsa fizi ya ku pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, koma zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizidachuluke ndi liwiro lomwelo. Ndipo kufikira tsopano m'masukulu ambiri mphunzitsi mmodzi amaima patsogolo pa ana oposa 100, ena ali pansi pa mtengo, buku limodzi likugwiridwa ndi manja angapo. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyambirira m'chaka cha 2016, ndipo aphunzitsi akuyesetsa ndi mphamvu zawo zonse. Koma tiyeni tiwerengere pamodzi, omvera: ngati phunziro lili la mphindi 30 ndipo ana ali 100, mphunzitsi angamve mwana aliyense akuwerenga kwa nthawi yotalika bwanji? Mutu umodzi susenza denga. Khutu limene mphunzitsi sangathe kupatsa mwana wanu lili pamutu panu, ndipo silifuna satifiketi.

Mwina wina anena kuti kwawo kulibe mabuku, ndipo ndi zoona kuti buku m'dziko muno ndi la mtengo wapatali; koma mverani za anyamata awiri a kwathu konkuno. Legson Kayira, mwana wa m'mudzi wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lino amene adaphunzira ku Livingstonia, adanyamuka wapansi m'chaka cha 1958 kukafuna maphunziro ku America, atanyamula kakatundu kochepa ndi mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress la John Bunyan. Atafika ku Kampala adalowa m'laibulale, napezamo buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata ku Skagit Valley College. Adapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo kumapeto kwa chaka cha 1960 adalandiridwa pakolejiyo. M'chaka cha 1965 adatulutsa mbiri ya ulendo wake, I Will Try, dzina limene adalitenga ku mawu a chilimbikitso a sukulu yake ya Livingstonia, ndipo pambuyo pake adakaphunzira ku Cambridge nakhala mlembi wa mabuku a nthano.

Wachiwiri ambiri mumamudziwa: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene njala ya 2001 ndi 2002 idamuchotsa ku sekondale chifukwa makolo ake adasowa fizi. M'malo mokhala pamsika kuwerenga magalimoto odutsa, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya kwawo, kumene adapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Ndipo ngakhale Chingerezi chake chidali choperewera, adatsata zithunzi ndi kufunsa tanthauzo la mawu kufikira adamanga makina ake ndi milimo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotolatola za kudzala, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate ake ali ndi zaka 14. Mbiri yake idatuluka m'buku m'chaka cha 2009, iye adatsiriza maphunziro ku Dartmouth College m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2019 mbiriyo idasanduka kanema amene mbali yake yaikulu imalankhulidwa m'Chichewa. Onse awiriwa adayamba ndi mabuku owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Bungwe la National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo, ndipo ndikupemphani kuti tsiku limene mupita kuboma kukagulitsa mtedza mutengeko mwana akaone khomo lake.

Tibwere tsopano ku maphwando athu, kumene nkhani yathu idayambira. Ife Amalawi sitiumira pa chikondwerero. Pa chinkhoswe ndi paukwati timasoka yunifolomu ya chitenje chimodzi mbumba yonse, timabwereka zimkuzamawu zomveka midzi itatu, ndipo pa perekaniperekani timavina ndi ndalama m'manja kufikira malichero adzaza. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano mwana amaguliridwa malaya ndi nsapato. Pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, timanyamula shuga ndi zitenje kupita nazo kumudzi. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindidadze kudzazithetsa. Funso langa ndi ili lokha: pa tsiku lonse limene ankhoswe alankhula, abusa alankhula, amfumu alankhula, woulutsa mawu wabwereza mayina a opereka mpaka kusasa mawu, kodi sitingapeze mphindi zisanu zoti mwana wa m'banjamo aimirire ndi kuwerenga ndakatulo imene walembera mlongo wake wokwatiwayo, kapena mbiri ya momwe agogo ake adakumanirana? Mlembi aliyense amafuna omvera, ndipo omvera oyamba amene Mulungu adapatsa mwana ndi abale ake. Akamuombera m'manja iwowa, sadzaopanso bwalo lina lililonse.

Pali tsiku limodzi lokha limene ife timakumbukira kulemba mbiri ya munthu, ndilo tsiku la maliro ake. Inu nonse mudaonapo zimene zimachitika usiku wa pasiwa: amayi akuimba nyimbo m'nyumba, abambo ali pamoto panja, ndipo ana a malemu adzipatula kuseri ndi tochi ndi pepala long'ambidwa m'kope la mwana, akufunsana kuti kodi bambo adabadwa chaka chanji, adabatizidwa kuti, adapita liti ku Halale, adzukulu onse pamodzi alipo angati. Wina atchula chaka ichi, wina atsutsa, ndipo amene akadathetsa mkanganowo ndi yemwe wagona m'bokosiyo. Mawa lake mbiri imawerengedwa ya mizere isanu ndi umodzi, moyo wa zaka 80 utapanikizidwa pa theka la tsamba. Kodi sikukadakhala kwanzeru kuti mbiriyo ilembedwe mwini wake ali moyo, iwerengedwe pa tsiku la chimwemwe iye ali pamkeka, akukonza polakwika, akuwonjezera poiwalika, ndi kuseka nawo pamodzi ndi zidzukulu zake?

Komabe, makolo anzanga, m'mera mpoyamba, ndipo mmera wanthete umathyoka ndi phazi limodzi. Choncho ndikuchenjezeni pa zinthu zingapo. Mwana akamawerenga n'kupunthwa pa liwu, musamuseke, ndipo muletse azibale ake kumuseka, pakuti ana ambiri amene lero amati sadziwa kulemba adatsekedwa pakamwa ndi chiseko cha tsiku limodzi. Zolakwika mudzakonza mawa muli awiri. Musamulembere inu n'kumupatsa kuti angoloweza, popeza khutu la anthu limazindikira msanga mawu a mkulu m'kamwa mwa mwana, ndipo mwanayo amaphunzirapo chinyengo. Musamukakamizenso kuti alembe m'Chingerezi chokha pofuna kudzionetsa kwa alendo. Chingerezi achiphunzire ndithu, ndipo achidziwe bwino, pakuti ndi chinenero cha mayeso ndi cha ntchito, koma pa phwando la pabanja alembe m'chinenero chimene agogo ake adzamva, chikhale Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Ndipo inu amene simudapite kusukulu musadzichepetse kuti nkhaniyi si yanu: kumbukirani kuti pa bwalo lathu lija, pamene padali aphunzitsi ndi akalaliki, amene adatsegulira mwana njira adali mayi wosadziwa chilembo.

Kwa inu aphunzitsi, amene ntchito yanu ndi yolemetsa kale, ndili ndi pempho limodzi. Ana akamapita ku tchuthi, m'malo mwa chimangirizo cha masiku onse chofotokoza ulendo wa kumsika, muwatume kuti akafunse wamkulu wa kwawo funso limodzi: dzina la mudzi wawo lidachokera pati, njala yoopsa imene akuikumbukira adapulumuka bwanji, kapena nyimbo imene ankaimba posinja inkanena chiyani. Mudzadabwa ndi zimene zidzabwere m'makope amenewo, ndipo mudzaona kuti mwana amene amalephera kudzaza theka la tsamba pa mutu wopatsidwa adzadzaza masamba atatu pa nkhani ya kwawo.

Ndi inunso abale athu amene mukutimvera pa lamya muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Harare, ku Lusaka kapena ku Britain, amene ana anu akukula osamva kulira kwa mtondo, musaganize kuti mtunda wakumanani mwayi umenewu. Kalata imene kale inkayenda masabata tsopano imafika pa WhatsApp m'kuphethira kwa diso, ndipo agogo osadziwa kuwerenga angathe kulankhula mawu awo n'kuwatumiza. Mwana afunse, agogo ayankhe, mwana alembe. Pa Khirisimasi awawerengere pa lamya pomwepo, ngakhale Chichewa chake chikhale chopunduka, pakuti kwa agogo liwu limodzi la mdzukulu m'chinenero cha kwawo liposa katundu yense amene mumatumiza pa basi.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga, amene wakhala chete pambali pa wailesi kudikira kuti akulu athe. Werenga chilichonse chimene chagwera m'manja mwako: buku la kusukulu, Buku Lopatulika kapena Korani, nyuzipepala yakale, ngakhale malangizo a pa thumba la feteleza, ndipo ukapeza liwu lachilendo, funsa. Ukhale ndi kope limodzi lopatula, losalembamo masamu kapena notsi, ndipo m'menemo uzilemba zimene maso ako aona ndi makutu ako amva: momwe ngumbi zimatulukira mvula yoyamba ikagwa, mawu amene amako amanena akapsa mtima, mkangano wa pa chigayo, mantha amene udali nawo usiku woyamba ku sukulu yogonera. Usabe mawu a wina, pakuti chovala chobwereka sichithetsa usiwa. Usataye mtima tsamba loyamba likaipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo tsiku la phwando likafika, gwada mwaulemu upemphe mphindi zako; atsibweni ako akakubweza monga ndidachitira ine, pita kwa agogo.

Amayi anga adatisiya patapita zaka ziwiri chichitikire phwando lija. Usiku wa pasiwa pawo sitidadzipatule kuseri ndi tochi kukakangana za zaka, pakuti zonse zidali m'kope la mdzukulu wawo, zolembedwa kuchokera pakamwa pawo, ndipo zina mwa izo adali atazikonza okha tsiku lija pansi pa mtengo wa mango. Kopelo lilipo mpaka lero. Timalisunga m'sutikesi pamodzi ndi makalata a ubatizo, ndipo ana obadwa pambuyo pake, amene nkhope ya agogo awo sadaione, amaliwerenga.

Choncho, omvera, pamene mukuwerengera ndalama za phwando likudzali, za mpunga, za mafuta ophikira ndi za malaya a ana, muwonjezerepo kope limodzi ndi cholembera, zimene mtengo wake sufika ngakhale pa wa nkhuku imodzi. Mumpatse mwana, mumtume kwa agogo ake akadali ndi mpweya, ndipo tsikulo likadza, mbale zisanatsukidwe ndi alendo asanatsazike, muwakhazike anthu chete kuti mwana awerenge.